Mpata Umodzi mu Fayilo ya Che Amidu

Ndikakumbukira Che Amidu, aneba athu a ku Ntaja, ndimamva fungo la fumbi lopserera kumbuyo kwa kompyuta yawo, ija inkalira ngati chigayo chakutali. Anagwira ntchito ya makompyuta ku Blantyre, n'kubwerera kumudzi maso atayamba kuchita khungu. M'makinamo ankasungamo fayilo ya malire a munda wawo, mtengo ndi mtengo, chulu ndi chulu.

Tizilembo ting'onoting'ono sankationanso. Ndiye anadzilembera pulogalamu m'chilankhulo chomwe ankachitcha asembule, cholankhula ndi makina mwachindunji. Inkatsegula fayiloyo, kutola chilembo chimodzi, kuwonkhetsa, kutolanso china, mpaka pothera, kenako n'kuonetsa nambala ya zilembo zonse, yomwe ankaiwerenga atagunditsa mphuno pagalasi kuti adziwe ngati wina wasinthamo kanthu. "Munthu amanama," ankatero, "koma iyi imawerenga ngakhale mpata wosaoneka wa pakati pa mawu."

Lachisanu lina atapita kumzikiti, ine mwana wosamva wa sitandade sikisi ndinalowa. Ndinalemba dzina langa pansi pa fayiloyo kuti ndilione likuwala, ndinalifufuta, n'kudina batani lomwe ndinkawaona akudina akamaliza. Sindinadziwe kuti ndasiya mpata umodzi.

Atabwerako ndinali pakhonde pawo. Ndinamva akudina, kenako anandiitana.

"Nambala yakwera ndi imodzi. Iwe, walowa muno ndani?"

"Sindinaone munthu, ambuje."

Anaitana Yusufu, mwana wa mlongo wawo, yemwe ankawatungira madzi ndi kuwaphikira, koma anali atakanganapo nawo za mundawo.

"Wayamba kusuntha malire ndikadali moyo?"

"Walahi mjomba, sindinagwire!"

"Iyayi! Makina sanama."

Zovala zake zinaponyedwa pabwalo dzuwa likuswa mtengo. Pozitola Yusufu anandiyang'ana kamodzi, ine ndinayang'ana nyerere. Anakwera njinga kulowera ku Nsanama ndipo sanabwererenso. Che Amidu anatsala akupapasa makoma, kufunafuna ndowa yopanda madzi. Ndinkawatungira tsiku ndi tsiku, iwo n'kumanditcha mwana wabwino.

Ndine wamtima wapachala, akunyumba kwanga angakuuzeni. Koma mwana wanga akati, "Si ine, ababa," dzanja lomwe ndakweza kuti ndimumenye limaima m'mwamba. Sindidziwa ngati ndikuyang'ana Yusufu kapena kamnyamata kaja ka pakhonde, ndipo ndimalitsitsa.