Tsiku limene ndinawotcha sipika ya a Muhiwa

Ntchito yokonza mawailesi ndinaipeza chifukwa cha makani. Ndinapita ndi wailesi yakufa kushopu ya a Makwinja pa Chonde. Iwo amati yapseratu, ine n'kumakana kuti ndi waya chabe wathothoka. Atatsegula anapeza wayayo ali lende. "Mayi, pakamwa muli napo," anatero. "Mubwere Lolemba tione manja." Kuthyola tiyi ndinasiya sabata yomweyo.

Patatha miyezi inayi ananditumiza ndekha ku Muloza, kwa a Muhiwa, mkulu wobadwira ku Milange. Mwana wawo wa ku Joni anawatumizira TV yatsopano ndi fulashi ya ukwati wake, umene iwo sanapiteko. TV-yo imatulutsa mawu pa chingwe cha kuwala chokha, pamene ampulifaya yawo yakale imadziwa mawaya awiri, wofiira ndi woyera. Pakati pamafunika DAC, kabokosi kosandutsa kuwalako kukhala mawu oti ampulifaya imve.

Masipika anali awiri, amatabwa, opukutidwa bwino. A Muhiwa anandiuza kuti pothawa nkhondo anawoloka nawo malire atasenza pamutu, imodzi iwo, ina malemu akazi awo. Ndinangoti eya, maso ali pa mawaya.

Ndondomeko ndinkaidziwa. Umavula tizipewa ta pulasitiki kunsonga za chingwe, n'kulowetsa mpaka kuwala kofiira kuoneke. Kabokosi umakapatsa moto pa USB, TV n'kuiika pa PCM, mtundu wa mawu umene kabokosiko kamamva, mawaya awiri aja n'kupita pamabowo a ampulifaya otchedwa AUX. Koma anthu anali atadzaza m'nyumba kudzaona ukwati, ena akunong'onezana zoti mzimayi angathe bwanji. Mtima unandiwawa, ndiye ndinafulumira. Zilembo za kumbuyo kwa ampulifaya zinali zitafufutika, mawaya ndinalowetsa pamabowo a galamafoni, amene amakweza mawu kwambiri. Voliyumu sindinaiyang'ane, chonsecho mkuluyo, pokhala wovutika kumva, ankaisiya kumapeto.

Nditayatsa kunamveka phwaa! Kenako sipika yakumanzere inangoti zii, fungo la waya wopsa lili guu.

A Muhiwa sanakalipe. Anaika dzanja pamwamba pake n'kunena kuti, "Iyi ndi imene anasenza mayi a nyumba ino."

Manyazi amene ndinamva, bola akanandimenya. Pafoni a Makwinja anangofunsa kuti voliyumu inali pati. Sipikayo ndinaifungatira pa kabaza, kenako m'minibasi mpaka pa Chonde, komwe ndinatha masiku atatu ndikukulunga koyilo yatsopano m'malo mwa waya wopsa uja.

Nditaibweza, ukwati unaoneka, nyimbo zikumveka mbali zonse. Mkuluyo anatchera khutu pafupi nthawi yaitali, kenako anati, "Ikuyankhula, mwanawe. Koma si mawu ake aja."

Mpaka lero, ndisanagwire waya, dzanja limayamba latsitsa voliyumu. Ndipo mwini chinthu akayamba kufotokoza kumene chinachokera, ndimaika sikuludiraiva pansi, ndimve kaye.