Tsiku Limene Mfuti ya a Nyirongo Inakana Kulira

Ndinafika ku Mzimba ndikulondola ntchito yocheka matabwa ku Chikangawa, imene msuweni wanga anandiuza pa foni kuti ikundidikira. Nditafika ndinapeza kuti ntchitoyo inatopa kudikira, inatenga wina. Kubwerera kwathu ku Ntcheu ndi chikwama chomwecho kunandichititsa manyazi, choncho ndinakhala pa boma, kugona kwa msuweniyo, masana kuzungulira mumsika ngati munthu amene wataya mbuzi.

Malo amene ndinkakhalitsa anali pa benchi la Che Amidu, ogulitsa misomali, maloko ndi mahinjesi. Sindinkagula kanthu. Ndinkawerenga nyuzi zakale zimene ankakulungira misomali, ndipo nthawi zina ndinkapempha kasitomala kuti adikire kaye ndimalize ndime. Tsiku lina Che Amidu anati, "Achimwene, mwandithera mapepala ndi maso. Pitani kwa a Shaba kuseri kwa chigayo, akufuna munthu woona bwino. Iwo ng'ala yawagwira."

A Shaba anali mmisiri wa zitsulo, wokalamba, wouma pakamwa. Ankakhoma ndowa ndi mbaula, koma kumidzi ankadziwika ndi mfuti za gogodera, zija zothira wonga kukamwa. Eni ake anali alimi a m'mphepete mwa nkhalango, amene ankawombera wonga ndi nsanza basi, kuopseza anyani ndi nguluwe m'minda. Wobwera wopanda pepala la boma ankabwezedwa asanakhale n'komwe pansi.

Mfuti yotere siilira popanda kepu. Kepu ndi kachipewa ka mkuwa, kochepa kuposa njere ya chimanga, kamene amakaveka pa kansonga ka m'mbali mwa mfuti kotchedwa bele. Kanyundo kakamenya kepu, moto umalowera pabelepo n'kukayatsa wonga. M'sitolo simupezeka makepu, ndiye a Shaba ankapanga okha.

Gawo langa linali mkuwa wokha: kudula ndi sizasi ya malata, kukhoma ndi kachitsulo kotchedwa panchi kuti upindike ngati kachikho, kusalaza milomo ndi tupa. Zothira m'katimo sanandionetse ngakhale tsiku limodzi. Ankachitira okha m'kanyumba kapadera, atatseka chitseko. Nditafunsa, ananditambasulira dzanja lamanzere, limene linali ndi zala zitatu ndi theka. "Wayankhidwa, dada?" Ndinati ndayankhidwa.

Chimene chinkandidya moyo ndi mapanchi. Analipo asanu ndi anayi, iliyonse yomangidwa kansalu ka mtundu wake, ndipo tizitini tosungira makepu tinali ndi nsalu za mitundu yomweyo. Ina inali yokhota, ina yoperepeseka, ina inali msomali wa sikisi inchi wosulidwa. Makepu otuluka pamenepo anali ngati ana a mitala: ena onenepa, ena owonda, ena aatali. Ndikafunsa chifukwa, yankho linali limodzi, la Chitumbuka: "Khoma waka," ndiye kuti khoma basi. Miyezi isanu yathunthu, khoma waka. Chala changa chachikulu chinada chikhadabo kawiri, koma mutu wanga palibe anaufunsa kanthu.

Ine ndinali ndi buku. Ndinaligula pa mulu wa mabuku akale mumsika, lopanda chikuto, lachingerezi, lonena za ntchito za zitsulo. Sukulu ndinalekezera Fomu 2, koma buku ndikaligwira sindilisiya, ndipo matenda anga ndi oti ndikawerenga masamba atatu ndimayamba kumvera chisoni anthu amene sanawerenge. Bukulo linkanenetsa kuti mmisiri weniweni amapanga zinthu za muyezo umodzi.

Chimanga chitayamba kukhwima, a Shaba anapita ku Jenda kumaliro a mlamu wawo, n'kundisiyira ntchito yokhoma tizikho ta tizitini tonse. Ndinaona kuti nthawi yanga yakwana. Ndinasankha panchi yowongoka kwambiri, ndinaisalaza bwinobwino, n'kukhomera tonse pa imodzi yomweyo. Tinatuluka tofanana ngati ta kufakitale. Ndinatigawa m'tizitini monga mwa nsalu, mtima uli m'malo.

A Shaba atabwera anali otopa, alimi akuimba foni motsatizana. Anatola kachikho kamodzi, anakazunguza m'zala, n'kunena kuti, "Kasalala chomene." Ine ndinamva ngati kuyamikira. Anatidzaza tonse m'kanyumba kawo, ndipo m'mawa mwake anandituma ndi kachitini ka nsalu yofiira kwa a Nyirongo.

Ndinakwera lole ya matabwa mpaka ku Chikangawa, kenako ola lathunthu wapansi m'kati mwa mitengo ya paini. Munda wa a Nyirongo unagundana ndi nkhalango, ndipo chimanga chimenecho ndicho chinali chakudya cha banja lonse chaka chonse. Makepu anawathera masiku awiri m'mbuyomo. Iwo ndi akazi awo, anyaMoyo, ankalondera ndi miyala ndi kukuwa, moti mawu anali atasasa.

Tisanamalize moni, anyaMoyo analoza kumapeto kwa munda. "Alendo anu aja afika."

Anyani anatuluka m'paini mwandondomeko, aakazi ana ali kumsana. Wamkulu anakhala pachitsa n'kumatiyang'ana. A Nyirongo sanapupulume. Anatenga mfuti imene anali ataikonzeratu, anaveka kepu pabele, n'kuikweza kuloza m'mwamba. Kepu inagwera mu udzu. Anaveka yachiwiri, inagwanso. Yachitatu anaigwirizira ndi chala mpaka pomaliza, koma kanyundo kanaipeza itapendekeka. Chimene chinamveka ndi "kha," ngati munthu wathyola kamtengo.

Ndinayang'ana pabelepo. Linali loperepeseka kuyambira nthawi ya agogo awo, lowonda ngati waya. Kepu yanga yokongola ija inali ngati chipewa cha bambo pamutu pa khanda.

A Nyirongo anatembenukira kwa ine. "Dada, makepu awa wakhoma ndani?"

"Ndine, adada."

"Ndi panchi ya nsalu yofiira?"

"Ayi, ndi ina. Yabwino kuposa yofiira ija."

Anatenga kepu ina n'kupita nayo kukamwa kuti aifinye ndi mano. AnyaMoyo anawagwira mkono. "Yayi. Tilire chimanga, tilirenso kamwa lanu?"

Nyani wa pachitsa uja anamva "kha" ameneyo, ndipo anatsika mosafulumira. Anyani a ku Chikangawa ndi ophunzira kuposa ine: amadziwa mfuti yolira ndi mfuti yongonyamula. Gulu lonse linalowa m'munda. Tinathamanga atatu tonse, ine ndikumenya ndowa ndi chikuni. Tikafika kuno iwo ali uko, tikapita uko abwerera kuno. Nyani sadya chimanga kumaliza. Amathyola, kuluma kawiri, kutaya, kuthyolanso china. Ndinagwa m'mizere kangapo, ndinakuwa m'Chichewa, ndinayesa m'Chitumbuka changa chosweka, palibe chimene anamva. Anachoka okha atakhuta, dzuwa litapendeka, mbali yonse ya kunkhalango mapesi ali pansi.

A Nyirongo anakhala pamzere, mfuti ili pamiyendo. AnyaMoyo anatola chimanga cholumidwa n'kundiika m'manja. "Mukawapatse a Shaba. Mukawauze kuti yewo chomene."

Ndinakapereka. A Shaba sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Anayala mapanchi onse pathebulo n'kumagwira imodziimodzi. "Iyi ndinasula ndikuyeza pa mfuti ya Nyirongo. Iyi ndi ya Mhango, bele lake anawotcherera, n'lonenepa. Iyi yokhotayi mwini wake ali ku Engutwini. Mfuti izi sizinabadwe tsiku limodzi. Buku lako linazionapo?"

"Nanga bwanji simunandiuze, adada? Ndinafunsa kangati?"

"Unkafunsa yankho uli nalo kale. Mbwenu ndinkakusiya."

Mpaka lero sindivomereza zonse. Mawu awiri akanakwana, ndipo munda wa anthu ukanapulumuka. Koma amene anasintha panchi mwakachetechete mwini wake ali kumaliro ndi ine, osati iwo.

Tizitini titatu tinali titapita kale kwa eni ake, ndipo ndinayenda masiku anayi kukatitenga. Ndinakhomanso zonse, panchi iliyonse ndi nsalu yake. Kenako a Shaba ananditumiza kwa a Nyirongo milungu iwiri kukalondera chotsalacho, mfuti ikulira tsopano, ine ndikuthamanga ndi ndowa. Banjalo linandidyetsa, linandipatsa pogona, ndipo nkhani ija silinaitchulenso. Nkhokwe yawo chaka chimenecho sinafike Januwale. Ndinamva kwa ena, iwo sanandiuze.

Ndinakhala kwa a Shaba zaka zina ziwiri, kenako ndinatsegula kashedi kanga kowotcherera mageti ndi mafelemu. Kuwerenga sindinaleke. Koma ndikalowa pantchito ya munthu wina n'kupeza chinthu chokhota chimene chakhala chokhota zaka zambiri, sindithamangira nyundo. Ndimayamba ndafunsa kuti chimalowa pati, nanga n'cha yani. Akandiyankha mwachidule, ndimabweranso mawa kudzafunsa, manja ali m'thumba.