Mkodzo Wobwereka

Nthawi ya atsamunda, amuna anga ankapenta malole m'galaja ina ku Balaka. Penti ankamusungunula ndi benzini, mankhwala onga madzi, ouma msanga m'manja. Akaweruka, fungo linkayamba kufika pakhomo, eni ake pambuyo.

Ine benziniyo ndinkamukonda, ndisaname. Wotsalira m'zitini ankandibweretsera, ndipo ndinkachotsera mafuta pa ovolosi yawo. Nsikidzi nazo zinaona zakuda. Ndinkamuwaza pamphasa ndi m'ming'alu ya khoma, n'kutseka chitseko kuti fungo lisathawe, ine ndili momwemo kusoka. Mutu unkandiwawa, kamfuno osati masewera, koma mlandu ndinkaupatsa dzuwa la ku Balaka.

Chaka china kugalajako kunabwera dokotala. Anati benzini amalowa m'thupi popuma n'kuwononga magazi, ndipo mkodzo ndiwo umaulula. Aliyense anapatsidwa kabotolo kuti adzaze mkodzo akaweruka, abweze mmawa. Wopezeka naye wambiri amuchotsa kopenta. Amuna anga ntchitoyo ankainyadira kwambiri, ndiye anafika kunyumba ali ndi nzeru zawo.

"Mayi, inu m'galaja simunapondemo. Tandidzazireniko."

"Iyayi, abambo! Mchere timabwerekana, koma izi?"

Anandinyengerera mpaka ndinalola, uku ndikufa ndi phwete.

Zotsatira zitabwera, analowa m'nyumba mwakachetechete, osavula n'chipewa chomwe. Anati mwa mabotolo onse, loipitsitsa linali lawo, ndipo dokotala wanena kuti mwini wake afunika chipatala msanga. Ine ndinaseka mpaka misozi, poona kuti wochenjera wadzitchera yekha. Iwo sanaseke.

"Mutu uja ukuwawabe?"

Apo m'pamene kuseka kunandithera. Ndinachita mantha.

Akanangokhala chete, akanawasamutsira kotsuka malole, ntchito n'kukhalapobe. Kuulula kunali kuvomera zinthu ziwiri, chinyengo ndi kututa benzini wa eni. Ndinawauza kuti aleke, mutu ndi mutu basi, upola.

Mmawa anavala jekete la kutchalitchi, n'kundikweza pa njinga. Pamaso pa dokotala, mwini galaja ndi anzawo onse, munthu wamanyazi uja anavula chipewa.

"Bwana, wodwala si ine. Botolo lija linali la mayi awa. Muwathandize."

Ine ananditengera kuchipatala, iwo anawachotsa ntchito dzuwa lisanafike pamutu. Nditachira tinasamukira ku Rivirivi kukalima thonje. Anakalamba ndi khasu m'manja, ndipo mpaka tsiku lomwe ndinawaika m'manda, sanandiuzepo kuti ntchito ija inatha chifukwa cha ine.