Mbewu ya Mtedza m'Kachikwama ka Mwana

Thupi la mwana wanga wamkazi limadana ndi mtedza. Tinazidziwa ali ndi zaka ziwiri, tsiku limene mayi wina woyandikana nafe ku Mabvuku anamunyambititsa chiponde, chimene kuno amati dovi. Posakhalitsa milomo inatupa, khungu lonse linachita ziwengo, ndipo mpweya unayamba kutuluka ndi kamluzu ngati ka ketulo. Kuchipatala anatiuza mosapsatira kuti tsiku lina mtedza ukhoza kumutseka pakhosi. Anatilembera mankhwala akumwa ndi jakisoni wooneka ngati bolopeni, wobaya pantchafu zinthu zikafika poipa.

Kulera mwana wotere pakati pa Amalawi ndi Mashona ndi chintchito. Uku nsinjiro m'masamba, uku dovi mumpunga. Ndinasanduka mayi wamwano wa mumsewu wathu, uja amafunsa kuti "mwathiramo chiyani?" asanathokoze. Dzinalo sindinalikane.

Bambo anga anabwera kuno ku dziko la Mashona ali mnyamata kuchokera ku Dedza kudzafuna ntchito, ndipo sanabwererenso. Chinthu chimodzi chimene anachokera nacho kumudzi chinali mbewu ya mtedza waung'ono wofiira, ya amayi awo. Chaka ndi chaka ankaudzala pakamunda ka kuseri kwa nyumba zomalizira, n'kusungako wina m'chitini chakale cha mkaka. Mdzukulu wawo sanamupatseko ngakhale kamodzi, pamenepo sindingawanamizire. Koma mumtima mwawo matendawa anali anga, osati a mwana. "Mwana wa kwathu angafe ndi mtedza? Ife takulira womwewu," ankatero, akuyang'ana kumbali.

Mwanayo atakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi, uthenga unabwera woti azakhali, mlongo wawo wa bambo amene anatsala yekha kumudzi, afooka ndipo akufuna kuonako magazi a achimwene awo. Bambo miyendo inali itayamba kuwakanika, mapepala awonso sanalongosoke. Zinagwera ine. Basi yodzera ku Nyamapanda ndi Tete ndinaikana: ulendo wa tsiku lathunthu, anthu akutafuna mtedza wokazinga mpando uliwonse, chipatala osadziwa kumene chili. Mchimwene wanga wa ku Joni anatikonzera zoti tikwere ndege. Ndinasankha ndege chifukwa ndinkaona kuti m'menemo ndi motetezeka.

Ndinakonzekera ngati ndikukalemba mayeso. Kalata ya adokotala, majakisoni awiri, botolo la mankhwala akumwa, tinsalu tonyowa topukutira. Ndinaimbira foni a kampani ya ndege, iwo anati sangalonjeze zimene anthu ena angabwere nazo. Ndinaphika mpunga ndi nkhuku yathuyathu. Mwanayo ndinamuphunzitsa kukana chakudya m'zilankhulo zitatu.

Koma kuno munthu sapita ku Malawi ndi katundu wake yekha. Mbiri itangomveka, amayi a kutchalitchi ndi madala a mumsewu anayamba kufika ndi timaphukusi totumiza kwa abale: sopo, majuzi, nsapato za sukulu, zithunzi za ukwati. Ndinabwereka sikelo, ndipo phukusi lililonse ndinkalimasula mwini wake akuona. Ena anakhumudwa, ine sizinandikhudze.

Bambo anabwera pomalizira, atagwira kaphukusi ka nyuzipepala komanga ndi ulusi wakuda.

"Iyi ndi mbewu ya amayi," anatero. "Kumudzi inatha kalekale, azakhali ako anandiuza. Ukawapatse adzale mvula isanagwe."

"Mtedza sukwera nafe, bambo."

"Ndi wauwisi, palibe audye. Ungouponya m'sutikesi."

"M'sutikesi muli zovala za mwana. Ndati ayi."

Lero ndimaona kuti ndikanatha kuukulunga m'mapulasitiki atatu n'kuuika m'chikwama china. Koma ndinali nditatopa, ndipo ndinayankha ndi mawu amene mwana sayankhira bambo ake. Iwo anangoika kaphukusiko m'thumba la jekete n'kutuluka.

M'mawa bambo anatiperekeza kokwerera kombi, minibasi ya kuno, atanyamula kachikwama kakumsana ka mdzukulu wawo, awiriwo akuyenda kumbuyo kwanga n'kumanong'onezana. Ndinati akundipepesa mwa njira yawo. Kachikwamako ndinali nditalongedza ndekha: buku lopentamo, makrayoni, juzi. Sindinaganize zokatsegulanso.

M'ndege ndinapukuta katebulo, lamba, zenera ndi potsamiritsa mikono. Ndinauza mtsikana wogwira ntchito m'ndegemo za vuto la mwana. Bambo wina wa suti amene anakhala pafupi nafe ndinamupempha kuti asatsegule kapaketi kake ka zotafuna. Anandiyang'ana ndi diso loipa koma anakabweza m'thumba. Ndege itakhazikika m'mwamba ndinadziona kuti ndine mayi wodziwa zinthu, ndipo ndinatsinzinako pang'ono.

Chimene chinanditsegula maso chinali kutsokomola. Mwanayo anali atawerama pa kachikwama kake. Pofunafuna krayoni pansi pa kachikwamako, nyuzipepala ija inang'ambika, ndipo mtedza wofiira unamwazika pakati pa makrayoni. Iye ankautola umodziumodzi, kuubweza m'pepala long'ambikalo mofulumira kuti ine ndisaone. Anali atadzitikita m'maso. Chala chinali chitalowanso m'kamwa, monga amachitira akachita mantha. Zikope zinali zitayamba kutupa, ndipo kamluzu ka ketulo kaja ndinakamva ngakhale injini zinkasokosera.

Ndinachita zimene anandiphunzitsa. Ndinavundukula jakisoni, kubaya pantchafu pamwamba pa diresi pomwepo, n'kuwerenga mpaka khumi. Mtsikana wa m'ndege anabwera ndi mpweya wa m'botolo, natenga kachikwamako n'kukamangira m'pulasitiki. Bambo wa suti uja anagwada m'kanjira kumatola mtedza pansi ndi tishu. Patapita mphindi zingapo kupuma kunayamba kumasuka.

"Wakupatsa ndani?" ndinamufunsa.

Anapukusa mutu, milomo ili yotupa. Ndinafunsanso kachiwiri, anapukusanso. Kufunsako kunali kungofunsa chabe, ulusi wakuda uja ndinali nditauona.

Titatera ku Lilongwe anatitengera kuchipatala, ndipo anatitulutsa tsiku lotsatira. Kachikwama sitinakaonenso, anatiuza kuti anakataya ndi zonse zinali m'katimo. Kumudzi azakhali anatilandira atagona pamphasa. Atamugwiragwira mwana nkhope, anafunsa kuti, "Achimwene sanatumize kambewu kaja?" Ndinati anatumiza koma sikanafike. Anangogwedeza mutu, osafunsa zambiri.

Masabata awiri amene tinakhala kumeneko bambo sindinawaimbire. Ndinauza mchimwene wanga, iye ndiye anawauza. Ndinakwiya kwambiri, osati chifukwa cha mtedza wokha, koma chifukwa bambo anasenzetsa mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi chinsinsi choti abise kwa amayi ake, ndipo iye anachisunga mpweya ukumuthera. Pobwerera, ulendo wonse wa m'ndege ndinkakonza mawu okawauza. Ndinawasanja bwinobwino, ena achichewa, ena achishona, opweteka kwambiri ndinawasungira kumapeto.

Tinafika ku Mabvuku masana, dzuwa likuswa mtengo. Mipopi inali itauma sabata yonse, ndipo mzere wa zidebe pachitsime unafika mpaka pamsewu. Bambo tinawapeza pakhonde. Pambali pawo panali chitini cha mkaka chija, chotsegula, muli misomali. Mayi woyandikana nafe anadzandiuza pambuyo pake kuti mbewu yotsalayo bambo anaipereka kwa munthu wina wokazinga mtedza pasiteji, tsiku lomwelo limene anamva nkhaniyi.

Bambo atationa sanatipatse moni. Anadzuka movutikira, anatunga madzi m'chidebe chawo chomaliza, n'kuyamba kusamba m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono, pang'onopang'ono, madzi akutayikira pafumbi. Ine ndinaima ndi sutikesi, mawu anga ali okonzeka.

Mwanayo anathamanga n'kuwakumbatira m'chiuno asanamalize. Kenako anawakoka malaya kuti awerame, nanong'ona, kunong'ona kwa ana kuja komveka mpaka kugeti. Agogo akewo amawatchula mwa Chishona kuti Sekuru, ine amanditchula kuti Mhamha.

"Sekuru, ine sindinaulule. Mhamha anandifunsa kawiri koma sindinanene."

Bambo anakhala pansi pa kreti, manja ali m'mwamba, thovu likudontha.

"Tsiku lina uziulula, wamva?" anatero. "Ngakhale akhale ine."

Mawu anga aja sindinawagwiritse ntchito. Ndinalowetsa sutikesi m'nyumba. Mvula itagwa, pakamunda paja anadzalapo nyemba.