A Makwerero a Pachikuto

M'nyumba yosanja ija ya pakona, imene pansi pake pali wometa ndi wogulitsa mafoni, ukafunsa makwerero sakupatsa chitsulo. Amakuitanira munthu. Makwerero enieni analipo kale, koma anabwerekedwa ndi anthu ena openta, ndipo zikuoneka kuti mpaka lero akupentabe. Kuyambira pamenepo, babu likapsa, kangaude akamanga kudenga, mphaka akakwera pathanki n'kuiwala njira yotsikira, anthu amangofuula kuti, "Itanani a Makwerero!" Ndipo amabweradi, mutu patsogolo, thupi n'kumafika pambuyo pake.

Ntchito yawo ndi yoyang'anira nyumbayo: kusesa masitepe, kutsegula mapaipi otsekeka, kusunga makiyi a zitseko zina zimene zinachotsedwa kalekale. Eni ake amati powaumba panali dongo la anthu awiri oonda, ndiye anangolumikiza. Za nkhope amati inaumbidwa dongo litatha, ndi zotsalira m'zikhadabo. Makutu ali ngati zogwirira poto. Mano awiri akutsogolo anayambana ali ana ndipo sanagwirizanenso. Zonsezi amanena okha, msangamsanga, kuti wina asawatsogolere.

Koma pali chimodzi chimene chinkawaluma mwakachetechete ngati nsikidzi. A Makwerero analibe chithunzi chokhala ndi mutu. Cha ukwati chilipo pabalaza: akazi awo akumwetulira pambali pa jekete ndi tayi, pamwamba pake felemu. Anthu a m'nyumba yosanjayo amawadziwa kuyambira m'mawondo kutsika, chifukwa mbali inayo imakhala ili m'denga.

Pamwamba penipeni pa nyumbayo, m'chipinda chimene kale ankasungiramo mipando yothyoka, muli kampani yosindikiza mabuku. Tikati kampani musaganize zambiri. Ndi atsikana awiri pachibale, wamkulu Mkonzi, wamng'ono Wojambula, kuphatikiza ketulo ndi makina amodzi amene amatafuna pepala akakwiya. Chaka chilichonse amatulutsa kabuku kamodzi ka nkhani zifupizifupi zopeka, zolembedwa ndi anthu osiyanasiyana: aphunzitsi, anamwino, ngakhale woyendetsa galimoto ya maliro mmodzi. Nkhani zake si za kuno. Ndi za m'tsogolo, kumene anthu amasudzulidwa ndi maloboti, ndi za zilombo zochokera kunyenyezi zobwera kudzaba mvula. Ife a mumsewu timati ndi mabodza okhala ndi manambala a masamba, komabe timabwerekana mpaka chikuto kuthothoka.

Chaka choyamba atsikanawo anasowa choika pachikuto. Tsiku lina Wojambula atakweza maso anaona dzanja likutuluka pachibowo cha kudenga, zala zazitali zikufufuza waya.

"Achemwali," anatero monong'ona, "chilombo chathu chija chapezeka."

A Makwerero atamva kuti adzakhala pachikuto cha buku, sanafunsenso zambiri. Anafika atavala tayi ya ukwati ija. Wojambula anawavula tayiyo, n'kuwaveka ndowa kumutu, n'kumangirirapo paipi ya kubafa ndi tochi ziwiri. Chaka chachiwiri anawakulunga thupi lonse m'mapepala onyezimira, kumaso n'kuikako chivindikiro cha fani. Chachitatu inali sefa ndi ndevu za mopu. Chaka china anawalowetsa mutu m'galasi lowetera nsomba, ndipo chithunzicho chinatamandidwa kwambiri chifukwa chilombocho chinkaoneka ngati chikufadi. Chinkafadi.

Buku lililonse likatuluka, a Makwerero ankatsika nalo kwa wometa. Wometayo, amene timamutcha a Lezala, ndi mlongo wawo wa akazi awo, ndipo pakamwa pake m'pakuthwa kuposa zida zake.

"Alamu, taonani. Ndatulukanso."

A Lezala ankalitenga bukulo ndi zala ziwiri, n'kuliyang'ana chapatali. "Alamu, iyi ndi ndowa."

"M'ndowamo muli ine."

"Nanenso ndili m'thanki ya padenga ija. Tsutsani."

Apa benchi yonse ya odikira kumetedwa inkagwa ndi phwete. Wina ankati masiku ano zinthu zotere amapanga ndi kompyuta. Wina ankati zala zokhazo zikufanana, koma zala zotere nkhanu nayonso ili nazo. A Makwerero ankaseka nawo, mokweza kuposa onse, kenako n'kukwera masitepe bukulo lili m'khwapa, kuseka kuja kukutha pang'onopang'ono ngati wailesi ya mabatire ofooka.

Kunyumba akazi awo ankawatonthoza mwa njira yawo. "Ine ndikudziwa kuti ndinu, bambo. Ndowa imeneyo ndi yanga, ndipo sinabwere."

"Ndiye bwanji osakawauza achimwene anu?"

"Ndikawauze kuti ndinakwatiwa ndi ndowa?"

Chaka chino a Makwerero analimba mtima. Anagogoda kwa atsikana aja, n'kuwerama pakhomo, n'kuima pakati pa milu ya mapepala chipewa chili m'manja.

"Ana anga, ndavala ndowa, ndavala sefa, ndamwa madzi a nsomba. Sindinadandaule. Koma ndisanafe ndikufuna alamu anga aja andione pabuku ndi maso awo, avomere pamaso pa benchi yawo yonse. Kamodzi kokha, nkhope yangayi. Ndikudziwa kuti si nkhope yoti munthu n'kupempherera, koma ndi yokhayi imene ndinapatsidwa."

Mkonzi anayang'ana mng'ono wake. Zinangochitika kuti nkhani yotsegulira buku la chaka chino inali ya munthu wotsiriza padziko, amene watsala yekha pakhomo pa nyumba yakugwa, kudikira alendo ochokera kunyenyezi.

"Atate," anatero Mkonzi, "chaka chino simukhala chilombo. Mukhala munthu."

"Ndiyesetsa," anatero a Makwerero. "Sindinayesepo."

Tsiku lojambula anayamba atsikira kwa a Lezala kuti akawakonze. Sananene chifukwa chake. Anakhala pampando, mawondo kufika pachibwano, makina n'kuyamba kulira. A Lezala anali mkati mofotokozera benchi mmene akanayendetsera timu ya mpira akanapatsidwa mpata, atameta mbali imodzi yokha, magetsi anangoti phethi.

"Musatekeseke, alamu. Ine ndinayamba kumeta magetsi asanabadwe."

Anatenga sizasi ndi lezala. Koma sizasi ya a Lezala imatsatira pakamwa pawo: akakweza mawu imadula kwambiri, akatsitsa imangonyambita. Pomaliza, mbali ya kumanzere inali mbee ngati dzira, ya kumanja ili ndi mizere yokwera ngati masitepe, ndipo pamwamba panatsala kachitsotso kamodzi ka tsitsi kataima ngati mlonda.

A Makwerero anadziyang'ana pagalasi nthawi yaitali. "Alamu, kodi ndinakulakwirani chiyani?"

"Imeneyo ndi sitayilo. Ikafika kuno zaka zikubwerazi, mudzandithokoza."

Nthawi yokonza panalibe, chifukwa Wojambula amajambula ndi dzuwa la pawindo, ndipo linali litayamba kupendeka. Ataona mutuwo anangonyamula kamera. Anawaimika pafupi ndi khoma losweka pulasitala, n'kuwauza kuti ayang'ane kumwamba ngati munthu amene akuona chombo chikutera. A Makwerero anakweza maso, n'kumwetulira kumwetulira kwawo konse, mano awiri aja aliyense kuloza kwake.

Buku linatuluka, ndipo linayenda kuposa onse akale. Atsikana aja anachita kubwereza kusindikiza, makina mpaka kununkha chopserera. Mauthenga anayamba kugwa pafoni ya Mkonzi, ndipo iye ankawawerenga akuyang'ana kumbali. Wina analemba kuti chigoba cha kumaso cha chaka chino chaposa zonse. Wina anafunsa ngati anachiumba ndi phula kapena labala. Mphunzitsi wina wodziwa zambiri analemba kuti n'zanzeru kuika mlendo wa kunyenyezi pachikuto m'malo mwa munthu, koma makutuwo awonjeza, palibe cholengedwa chingayende ndi makutu otero mphepo ikuwomba.

Pa tsiku loonetsa bukulo, m'kaholo kobwereka, a Makwerero ndiwo ankanyamula mipando. Mayi wina wa magalasi anaima kutsogolo kwawo, buku lili m'manja, n'kufunsa batani la malaya awo kuti, "Pepani bambo, amene anapanga chigoba ichi alipo pano? Ndikufuna ndimuyamikire."

"Anamwalira, mayi," anayankha a Makwerero kuchokera kumwamba. "Anali awiri, bambo ndi mayi anga. Sanapangenso china."

Mayiyo anapepesa kwambiri batani lija n'kumapita.

Mawa lake a Makwerero anaima pamasitepe, buku m'khwapa, osadziwa ngati atsike. Zaka zonsezi ankati vuto ndi ndowa. Tsopano ndowa yachoka, ndipo dziko lonse lagwirizana kuti pansi pa ndowa panali ndowa ina. Anaseka okha mpaka kukhala pansi. Kenako anati chimene chatsala n'chiyani, munthu wonyowa kale saopa mvula, n'kutsika.

Benchi inali yodzaza. A Lezala analandira bukulo ndi zala ziwiri monga mwa masiku onse.

"Eee, koma chaka chino ayesetsa," anatero. "Ichi ndiye chilombo. Taonani mano. Taonani maso, ngati chameza..."

Mawu anathera panjira. Analibweretsa bukulo pafupi ndi mphuno. Analipendeketsa cha kuwindo. Chala chawo chinayamba kutsata mizere ija ya kumanja, umodzi umodzi, mpaka kukafika pa kachitsotso ka pamwamba.

"Dikirani kaye. Ili ndi dzanja langa ili."

"Dzanja lanu lili pati, a Lezala?" anafunsa wina pabenchi.

"Kumetaku! Mzere uwu ndani angaukhotetse chonchi m'tauni muno? Apa m'pamene ndinkanena za wapagolo uja. Anthu inu, ntchito yanga ili pabuku! Pachikuto penipeni!"

Anazungulira nalo benchi yonse, kuonetsa aliyense, ngakhale mwana amene anali atagona. A Makwerero anangoima pakhomo, khosi litapindika pansi pa felemu ya chitseko, kudikira kuti fumbi likhazikike.

"Alamu," anatero pomaliza, mofatsa ngati wofunsa njira. "Kumetako ndi kwanu, tavomera. Nanga munameta mutu wa ndani?"

A Lezala anayang'ana buku, anayang'ana alamu awo, anayang'ananso buku. Kukana mutu kunali kukana kumeta.

"Ndi wanu," anatero chapansipansi.

"Kwezani mawu, alamu. Kumtunda kuno sikumveka."

"Ndati ndi wanu! Mutu ndi wanu, makutu ndi anu, mano ndi anu! M'ndowa muja munalinso inu, ndi m'sefa momwe! Mwakhuta?"

Benchi inaombera m'manja, ndipo wogulitsa mafoni analowa kudzafunsa ngati kwagoletsedwa chigoli.

Lero chikutocho chili pamwamba pa galasi la a Lezala, m'felemu, mutu wonse ulimo. Pansi pake analembapo ndi inki yofiira kuti KUMETA KWA PANO. Anyamata awiri anabwera kale kudzapempha sitayilo yomweyo, koma a Lezala analephera kuibwereza magetsi akuyaka. Ana ovuta pometedwa amangowalozera chithunzicho, n'kukhala phee. A Makwerero akamadutsa ndi tsache amasuzumira, n'kuchipatsa moni.

Wojambula wanena kale kuti chaka chamawa sagulanso guluu kapena tepi, nkhope yokhayo ikukwanira. A Makwerero avomera, koma apempha chinthu chimodzi: ndowa ija ibwerere kwa mwini wake, chifukwa kunyumba nkhaniyo sinathe.