Nyali Yofiira ya Mayi Coyne

Gilmar Teixeira ankagwira ntchito m'zipatala za ku Mangalande, koma ku Mangalandeko anali asanapondeko phazi. Ntchito yonse ankaigwirira m'kachipinda kakuseri m'nyumba ya a Coyne ku Galway, m'dziko lina kutsidya la nyanja, atavala mahedifoni, maso ali pa laputopu. Dokotala akalandira wodwala wodziwa Chipwitikizi chokha, ankaimbira kampani ya omasulira, ndipo nkhope ya Gilmar inkatulukira pakompyuta ya dokotalayo. Iye ankatenga mawu a wodwala n'kuwapereka kwa dokotala, a dokotala n'kuwabweza kwa wodwala, osawonjezerapo, osachotserapo.

Kwawo kunali ku Anápolis, ku Brazil. Anabwera akali mnyamata, kutsatira amalume ake amene ankasenda ng'ombe pafakitale ya nyama, ndipo nayenso anagwira mpeni zaka zambiri mpaka dzanja lamanja linayamba kuchita dzanzi m'mawa uliwonse. Chingerezi anachitola pafakitale pomwepo ndi m'makalasi amadzulo. Sanali munthu wanzeru zodabwitsa. Anali wosaiwala mawu, ndiponso wosakonda kuyankhira anthu, ndipo ntchito yomasulira imafuna zomwezo basi.

Chipinda ku Galway sichipezeka wamba, choncho Gilmar ankayenda monyang'ama m'nyumba ya eni ake. A Mattie Coyne, amene anapuma pa ntchito yoyendetsa basi, sankamusiya.

"Adokotala, lero mwachiritsa angati?" ankatero akakumana naye kukhitchini.

"Palibe, bambo. Ine ndimangonyamula mawu."

"Ndiye ndinu mnzanga. Ine ndinanyamula anthu zaka zonse zija, palibe anachira."

Dzinja lapitalo namondwe wochokera kunyanja anagwetsa mawaya kawiri, ndipo kawiri konseko Gilmar anazimiririka pakati pa nkhani, dokotala ndi wodwala n'kutsala akuyang'anizana ngati osalankhula. Kapitawo wake, Mayi Whitlock, amene ankawadziwa mawu okha, sanazungulire.

"Gilmar, chipatala sichimva za mphepo. Ukadzazimanso kachitatu ndikuchotsa pandandanda. Lachitatu masana ndidzamvetsera ndekha mmene ukugwirira."

Malamulo ankawadziwa. Womasulira azikhala yekha m'chipinda chotseka, pasamveke mawu a munthu wina, chifukwa zachipatala n'zachinsinsi. Kumalo omwera khofi kunali kosatheka. Foni yake nayo sinkagwira m'kachipindako, poti makoma a nyumbayo anali amiyala, ochindikala. Ntchito yake yonse inkalendewera pa kabokosi kakuda ka intaneti kamene kankakhala pansi m'chipinda chochezera, pansi pa chithunzi cha Mtima Woyera wa Yesu ndi kanyali kake kofiira.

A Mattie anamwalira Lolemba, ali pampando wawo, nyuzipepala ili pamiyendo. Okonza mitembo anabweza thupi lawo kunyumba Lachitatu lomwelo m'mawa.

Gilmar sananene za ntchito kwa aliyense. Kwa Mayi Whitlock anaopa kuti za maliro zimveka ngati chodzikhululukira china. Kwa Mayi Nuala Coyne, mkazi wa malemu, anaona kuti n'chipongwe kutchula za intaneti mwamuna wawo asanalowe m'manda. Anathandiza kutulutsa mipando yaikulu, anapukuta mawindo, anavala malaya oyera. Mumtima anati akatseka chitseko zonse ziyenda.

Maliro anawagwira ndi Mayi Dympna Faherty, mnansi wa khomo lachitatu, amene anagwira maliro onse a mumsewuwo kuyambira kale. Iwo ndiwo anaimitsa wotchi yapakhoma, anaphimba galasi, natsegula windo pang'ono. Anabweranso ndi chiketulo chachikulu chamagetsi cha kuholo ya tchalitchi, chowiritsa madzi a anthu ambirimbiri nthawi imodzi. Pofika masana nyumba inali itadzaza mpaka pakhomo, makhoti onyowa ataunjikana pamasitepe, amuna ali m'khonde lam'kati kukambirana za mabasi akale.

Nthawi itayandikira, Gilmar analowa m'chipinda mwake n'kutsegula laputopu. Intaneti kunalibe.

Anazimitsa, nayatsanso. Kunalibe. Anatuluka, ndipo m'khondemo anaona chingwe chamagetsi chachikasu chitachokera m'chipinda chochezera, kutsata khoma, kukalowa kukhitchini. Anakumana ndi Mayi Faherty atanyamula thireyi ya masangweji.

"Mayi Faherty, pepani, kabokosi kaja ka m'chipinda chochezera..."

"Ka Mattie koonera mpira kaja? Ndakazula, mwanawe. Kukhitchini kuno ukayatsa chiketulo pamodzi ndi uvuni, nyumba yonse imathima. Ndiye ndakoka magetsi uko. Mattie mpira waonera wokwana. Gwira apa, ukawapatse azibambo aja."

Anapezeka atagwira thireyi. Anaizunguliradi kwa azibambo, milomo ikumwetulira yokha, mtima uli pa wotchi ya pamkono. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma Gilmar anali wa anthu aja amene amafuna kutsekula osamveka. Anaika thireyi pamasitepe n'kulowa m'chipinda chochezera.

Bokosi lamaliro linali pamiyendo yake motsamira khoma, lotsegula, ndipo nsalu yoyera inalendewera kufika pansi. A Mattie anagona mu suti yabuluu, kolona itakulungidwa m'zala. Pamwamba pawo kanyali kofiira kankayaka. Soketi inali kunsi kwa bokosi, kuseri kwa nsaluyo.

M'chipinda chotero munthu salowa n'kungodutsa. Gilmar anagwira chanza Mayi Coyne, ngakhale anali atawapatsa tiyi m'mawa womwewo, kenako achemwali awo, kenako amayi ena onse okhala m'mbali mwa khoma, mmodzimmodzi, akunena kuti pepani ndi zovutazi. Atangomaliza, Mayi Faherty analowa, natseka chitseko kumbuyo kwawo, natulutsa kolona m'thumba la epuloni.

"Tiyeni, tim'pempherere."

Anthu onse anagwada. Kolona ikayamba, palibe amatuluka.

Gilmar anagwada kumutu kwa bokosi, phewa litakhudza khoma. Mayi Faherty ankatsogolera mothamanga, anthu n'kumayankha ngati madzi otsika pamwala. Anasuzumira wotchi. Mayi Whitlock anali atakhala kale pampando wawo kutsidya la nyanja. Anaweramitsa mutu ngati wozama m'pemphero, nalowetsa dzanja lamanja kunsi kwa nsalu.

Anapapasa pansi mpaka anapeza pulagi ya kabokosi ili yokha pakapeti. Anapapasa khoma. Mapulagi awiri, oyandikana, ofanana. Zala zake zadzanzi zija sizinathe kusiyanitsa chingwe chonenepa ndi chowonda. Anaganiza kuti ya chiketulo ndi imene ili pamalo a kabokosi, kumanzere. Kapena kunali kumanja? Anali asanagwadepo pamenepo n'kale lonse. Anasankha imodzi, naikoka pang'onopang'ono kuti isalire, nalowetsa yake.

Kanyali kofiira kanazima.

Pemphero linaduka pakati pa mawu. Mayi wina anati, "Yesu, Mariya ndi Yosefe!" nadzilemba chizindikiro cha mtanda. Wina ananong'ona kuti ndi Mattie ameneyo, akutsanzika. Nkhope ya malemu, imene nyali ija inkaipatsa kamtundu, inasanduka yotuwa. Gilmar anauma pomwepo, dzanja likadali kunsi kwa nsalu mpaka m'chigongono.

Mayi Coyne sanayang'ane nyali. Anayang'ana iye.

"Gilmar, mwana wanga, ukufunanji kunsi kwa mwamuna wanga?"

Anatulutsa dzanja. Chingerezi chimene ankadyera chinamuthawa, ndipo anafotokoza modukizaduka ngati wodwala: za namondwe, za kapitawo, za lero, za kachitatu. Anapepesa kwa Mayi Coyne, kenako, posadziwa chochita, anapepesa kwa a Mattie.

"Nyali imeneyo sinazimepo chikwatiwire Nuala!" anatero Mayi Faherty. "Ndipo wasankha lero!"

"Yakhala ikuzima usiku uliwonse, Dympna," anayankha Mayi Coyne. "Ine ndikakwera kukagona, Mattie uyu ankaizimitsa, m'mawa n'kulawirira kuiyatsa ndisanatsike. Ati magetsi akudula. Ankayesa sindidziwa." Anatembenukira kwa Gilmar. "Ndiye iwe chiyambire Lolemba wangokhala duu?"

"Ndinaona kuti si nthawi yake, mayi."

"Nthawi yake ndi iti? Akakuchotsa? Yatsa nyaliyo. Uzule ya tiyi."

"Nuala!" Mayi Faherty anaimirira. "Maliro opanda tiyi? Anthu adzati chiyani?"

"Adzati Mattie Coyne anaumira mpaka m'bokosi, ndipo sadzakhala akunama. Fulumira, iwe."

Nyali inayakanso. Kukhitchini chiketulo chinaleka kulira. Koma kabokosi kakuda sikadziwa changu: timagetsi take tinaphethira, n'kuzima, n'kuphethiranso, Gilmar atagwada pamenepo pamaso pa amayi onse aja. Kamodzi kanasanduka kobiriwira. Anadzuka osayang'ana munthu, napyola m'khonde, natseka chitseko chake.

Analowa mochedwa. Pakona ya laputopu panali dzina la Mayi Whitlock, popanda nkhope. Dokotala anali mtsikana wooneka wotopa, ndipo pambali pake panakhala mkulu wina wa ku Madeira, a Abreu, atagwira chipewa ndi manja awiri. Ankayenera kumva za opaleshoni ya mtima ndi kunena ngati akuvomera.

Gilmar anapereka moni m'zilankhulo zonse ziwiri. Kuseri kwa chitseko amuna anali akadali pa nkhani za mabasi, ndipo wina anaseka mokweza. Anadziwa kuti kamaikolofoni kake kamatola chilichonse. Anayamba kumasulira, khutu limodzi kwa dokotala, lina kukhonde, akudikira kuti dzina la pakona lija lilankhule.

Kenaka anamva mapazi a Mayi Faherty, olemera, ofulumira. Phokoso linayamba kufa kuchokera kukhitchini kupita kukhomo, ngati munthu akuzimitsa makandulo motsatana. Nyumba inangoti zii.

"Afunseni ngati ndidzadzuka," anatero a Abreu.

Gilmar anafunsa momwemo. Dokotala anayankha ndi mawu ambiri osamala, ndipo iye anawabweza onse, osakometsa. Mkuluyo anatembenuza chipewa. Anafunsa za mkazi wake, za masiku ogona m'chipatala, za munda wake wa kabichi. Nkhani inatalika. Belu lapakhomo linalira theka, wina n'kulidula. Mlendo watsopano anayamba moni wokweza, mawu ake n'kuthera m'kamwa.

Ndiye anamva china, kuseri kwa khoma la kukhitchini: ketulo yaing'ono ya masiku onse itayamba kulira. Wina ludzu la tiyi linamupambana. Uvuni unali woyaka. Babu la pamwamba pa Gilmar linachita ngati likuphethira, ndipo iye analekeza pakati mawu amene ankamasulira. Dokotala anakweza maso kumuyang'ana.

Kunamveka kambama ka padzanja, kenako swichi. Ketulo inatonthola.

"Pepani, adokotala," anatero Gilmar. "Akuti avomera, koma mwana wawo wamkazi akhalepo tsikulo."

Dokotala ndi wodwala atachoka, dzina la pakona lija linatsala.

"Unachedwa kulowa," anatero Mayi Whitlock.

"Inde, mayi."

"Mphepo?"

"Ayi. Kuno kuli maliro. Bambo a nyumba ino ali m'bokosi kuseri kwa khomali."



"M'nyumba momwemo? Pali anthu?"

"Yodzaza."

"Ine sindinamve kanthu." Anamva akulemba. "Ndandanda ya sabata yamawa ndikutumizira madzulo. Mawa usagwire, ukaike maliro. Tsiku lina uzinena, Gilmar."

Anavula mahedifoni. Malaya oyera aja anali atamatirira kumsana. Atatsegula chitseko anapeza khonde lodzaza anthu oimirira, ena atakhala pamasitepe pamwamba pa makhoti, aliyense atagwira kapu yopanda kanthu, onse akumuyang'ana. Patsogolo pawo panali Mayi Faherty, manja atapinda pachifuwa.

"Mwatha, adokotala?"

"Ndatha, mayi."

"Akusunga?"

"Andisunga."

"Chabwino. Kazule kabokosi kakoko. Anthu awa aima ngati ng'ombe zapadibi, ndipo ine m'moyo wanga sindinachitepo manyazi otere."

Phokoso linabwerera nthawi imodzi. Mkulu wina anamumenya paphewa n'kunena kuti Mattie akanalipira ndalama kuti aone zimenezi, ngakhale kuti Mattie sankalipira kanthu. Gilmar analowa m'chipinda chochezera. Mayi Coyne anali atakhala pampando pafupi ndi mwamuna wawo. Anangosuntha miyendo kuti adutse. Anagwada kumutu kwa bokosi, nakweza nsalu, nayamba wayang'ana.