Mphatso ya dzulo ndinabweza, Ababa

Ababa, lero patha chaka chichokereni inu. Chimene sichichoka m'mutu mwanga ndi Lamulungu lija anzanu a kutchalitchi anabwera kudzakuzondani kuno ku Mlangeni, atanyamula mabotolo a zakumwa zotsekemera ndi mandasi. Onse ankadziwa kuti mukudwala matenda a shuga, ndipo bala la kuphazi kwanu losapola lija ankaliona. Ine ndinakunong'onezani kuti kuchipatala analetsa zimenezi. Munaseka n'kunena kuti, "Mphatso sakana, mwanawe, anthuwa ayenda mtunda. Tsegula." Ndinatsegula ndine, ndi manja angawa, inu n'kumwa botolo lonse kuti alendo asachite manyazi.

Tsopano amayi nawonso awapeza ndi matenda omwewo. Dzulo pochokera kusukulu ndinapeza azakhali, alongo anu, ali pakhonde akutulutsa m'jumbo paketi ya shuga ndi masikono, amayi akuwomba m'manja kuthokoza. Ndinabwezera zonse m'jumbomo n'kuwaikira pamiyendo. Azakhali anati, "Iwe, mwano umenewu wautenga kuti? Achimwene sanali chonchi." Ndinayankha kuti, "Zoona azakhali, n'chifukwa chake lero kulibe." Mpaka pano sakundiyankhula, ndipo ine sindipepesa. Mundikhululukire Ababa, ndikudziwa kuti simunandilere chonchi, koma kholo ndatsala nalo limodzi. Wofuna kuzonda amayi abwere ndi kabichi, nyemba, kapena chimanjamanja, mpando tidzamupatsa. Wobwera ndi zotsekemera azibwerera nazo, ngakhale atakhala abusa.